Kutsokomola Kawiri

Khutu langa lamanzere linasiya ntchito osanditsanzika. Ine ndinakhala taipisiti m'boma moyo wanga wonse wa pantchito, ndipo ndimadziwa kuti munthu wofuna kuchoka amayamba walemba kalata. Mawondo anga anatsata ndondomeko imeneyo. Anachenjeza kwa zaka zingapo, akulira pa chitunda chokwera kwathu ku Chibanja, kenako n'kumasiya pang'onopang'ono. Maso nawo anapempha magalasi mwaulemu. Koma khutu linangonyamuka mwakachetechete, ine n'kumayendabe mumzinda wa Mzuzu ndikudandaula kuti anthu a masiku ano amayankhulira m'khosi chifukwa chosowa mwambo.

Za ukalamba ndakhala ndikuseka, ndipo ndinali naye woseka naye. Mnzanga ameneyu ndi mbadwa ya konkuno, telala wosoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde la nyumba yake, mipanda itatu kuchokera panga. Tinadziwana sabata imene boma linanditumiza kuno kuchokera ku Salima kotentha. Ndinafika mu Juni ndi juzi imodzi yokha, kamvula kowaza kaja kakugwa tsiku lonse. Iye anandiona ndikunjenjemera pa mpopi, n'kundibweretsera mbaula ya makala asanandifunse ndi dzina lomwe. Ndiye anandiphunzitsa kuyankha moni wa Chitumbuka, ndiyenso anandikokera ku gulu la amayi a mpingo wathu. Ana tinalerera limodzi, amuna athu tinawaika m'manda zaka zotsatizana, ndipo tsitsi tinkadayana mwezi ndi mwezi mpaka tsiku limene tonse tinatopa n'kuzisiya imvi zichite zofuna zawo.

Titayamba kukalamba zenizeni tinapeza kamasewero kathu. Akafika pageti kudzanditenga, m'malo mopereka moni ankafunsa ngati mphunzitsi woitana mayina kuti, "Lero wajomba ndani?" Ine ndinkapereka lipoti lonse: bondo lamanja lafika mochedwa, msana wapempha tchuthi, dzino lakumapeto lachotsedwa ntchito dzulo ku chipatala. Iye ankapereka lake, ndipo nthawi zambiri linkathera pa chikhodzodzo chake, chimene chinayamba kugwira ovataimu popanda wochituma. Tinkaseka mpaka akabaza odutsa kumacheuka, kudabwa kuti agogo awiri ovala zopita kumaliro akondwa ndi chiyani. Khutu lokha silinalowepo m'lipoti langa, chifukwa sindinkadziwa kuti linachoka kalekale. Mnzangayo ankadziwa.

Ntchito yanga m'gulu inali kuyambitsa nyimbo pa maliro. M'tchalitchi muli kiyibodi ndipo aliyense amangoitsatira, koma pochoka panyumba ya maliro kupita kumanda palibe kiyibodi. Amayi timayenda m'mizere iwiri patsogolo pa bokosi, mabulauzi oyera, nkhata zamaluwa m'manja, ndipo munthu mmodzi amaponya yekha mawu oyamba a nyimbo, ena onse n'kulandira pomwe iye waiika. Akaiyamba pamwamba, pofika pa kolasi mitsempha ya m'khosi imakhala itatuluka, theka la amayi litasiyira panjira. Akaiyamba pansi, zimangomveka ngati anthu akung'ung'udza. Ayeneranso kuidziwa njira, chifukwa nyimbo ya pachitunda si ya potsetsereka, ndipo mpweya wa amayi uli ndi malire. Ine zonsezi ndinkazidziwa, ndipo apa sindidzichepetsa ayi, ndinali katswiri. Nyimbo za Chitumbuka ndinkaziyambitsa mpaka eni chilankhulo kuiwala kuti ndine wobwera.

Nditapuma pantchito, ana anga awiri a ku Lilongwe anayamba kundiitana. Anandimangira ndi kachipinda komwe kuseri kwa nyumba, ka matailosi, bafa lili mkati momwemo kuti mawondo asavutike. Chaka ndi chaka ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti ndikachoka nyimbo aziyambitsa ndani. Iwo ankayesa nthabwala, koma ine ndinkanena zoona. Mwamuna ndinalibe, ofesi ndinalibe, ndipo luso la taipi limene ndinkanyadira linali litasanduka chinthu chosekedwa ndi adzukulu. Chimene chinanditsalira chinali chimodzi: foni ikalira kuti kwagwa maliro, amayi odzaza msewu ankadikira kuti ine nditsegule pakamwa.

Udindo umenewu sindinaupeze mwa njira yoyera, ndipo ndiyenera kuulula. Ndisanayambe ine, ankayambitsa nyimbo anali mayi ena achikulire a ku Msongwe, aafupi, oyenda ndi ambulera nthawi zonse kaya kuli dzuwa. Anthu ankati pa utsikana wawo mawu awo ankamveka kutsidya kwa dambo. Pamene ine ndinkawadziwa, mawuwo anali atayamba kusochera. Ankaiyamba nyimbo penapake pakati pa nyimbo ziwiri, ife n'kumaifunafuna ngati singano yogwera pamphasa, wina kuipeza pamwamba, wina pansi, anamfedwa n'kumayang'anana. Palibe ankalimba mtima kuwauza. Gulu analiyambitsa ndi iwo, ndipo ambiri a ife anali atatisambitsira mitembo ya makolo athu.

Nzeru inachokera kwa ine. Ndinaiganiza pakhonde la mnzanga, iye akupalasa makina. Ndinati mayiwo aziyamba monga mwa masiku onse, koma akaphonya ine ndizitsokomola kawiri. Amayi akamva chifuwacho asalandire, adikire. Kenako ine ndizibwereza mawu oyambawo pamalo pake, ngati ndikungowathandizira, onse n'kulandira kwa ine. Makutu a mayiwo anali atayamba kuvuta, ndiye tinati sadzadziwa mpaka kalekale. Mnzanga anaseka mpaka kuthyola singano, ndipo ndi iyeyo amene anayenda nyumba ndi nyumba kuuza amayi ena. Zinayenda bwino kwabasi. Nyimbo zinayambanso kukoma, mayiwo akuyendabe patsogolo ndi ambulera yawo, ife tikudziona ngati anthu achifundo kwambiri mumpingo monse.

Tsiku lina tikuchokera kumanda, tili pamzere wosamba m'manja pageti la nyumba ya maliro, mayiwo anandikoka mkono n'kundipatsa kajumbo. Munali jinja ndi mandimu anayi. Anandiyang'ana m'maso osaphethira n'kunena kuti, "Mwana wane, chifuwa chakocho chandidetsa nkhawa. Jinjayu usinje, uwiritse ndi mandimuwa, uzimwa kawiri pa tsiku." Ndinapinda mawondo n'kuthokoza. Titangokhota pakona, ine ndi mnzanga tinagwirana m'mapewa, kuseka mpaka misozi, kuti agogo osalakwa afika pondigulira mankhwala a chifuwa chowanamizira iwo omwe.

Kuseka kutatha tinapitiriza ulendo wathu. Malo ake ndikuwakumbukira, panali pa kamlatho ka matabwa kowolokera ngalande. Ndinaima pomwepo n'kumuuza mnzanga kuti zimene tikuwachita mayi ajazi ine ndisadzachitidwe. Ndinati mawu anga akadzayamba kusochera adzandiuze pamaso, osapita m'mbali, ngakhale ndidzamukwiyire mwezi wathunthu. Anaika dzanja pamtima n'kunena kuti, "Nadi, asisi, wodzakuuzani ndine. Nanunso mukadzaona ndayamba kusoka malaya mkono umodzi wautali, mudzandiuze."

Langa lonjezo ndinalisunga. Patapita zaka, atayamba kukhotetsa makolala ndi kumabaya mphepo pofuna kulowetsa ulusi pa singano, ndinamuuza tsiku lomwelo, makasitomala atangochoka. Anandinyanyala masiku anayi. Lachisanu ndinamuperekeza kukapimitsa maso, ndipo magalasi amene amavala lero ndinamusankhira ndine. Nthawi imeneyo n'kuti mayi a ku Msongwe aja atamwalira kale, ndipo pa maliro awo nyimbo ndinayambitsa ndine, popanda wotsokomola.

Chaka chatha mu Julaye kunagwa maliro konkuno ku Chibanja, a bambo ena amene ana awo onse ali ku Joni. Masiku ano maliro amajambulidwa pa foni kuti akutali aone, ndipo wina anaponya kanemayo pa gulu lathu la amayi la pa foni. Ine makanema amenewa sindinkawatsegula, poti maliro oti ndinalipo ndiwaonerenso chiyani. Koma m'mawa umenewo kunja kunali nkhungu yoti sungaone mpanda wa mnzako, ndipo ndinalibe kopita. Ndinakhala pafupi ndi mbaula, n'kuika foni kukhutu lamanzere kuti ndimve mmene tinaimbira. Zii. Ndinayesa foni yafa. Nditaisamutsira kumanja, nyimbo inandiboola khutu. Ndinabwezera kumanzere, ziinso. Ndinachita zimenezi kanayi, kenako ndinaseka ndekha m'nyumba, chifukwa ndinali nditapeza wojomba watsopano wokamuuza mnzanga.

Ndiye ndinavala magalasi, n'kumubwezera kanemayo poyambira. Ndinadziona ndili patsogolo, duku lili pamalo pake, chibwano m'mwamba ngati msewu ndi wanga. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka sindinachizindikire. Mawu ake anali a nyimbo imene ndaiimba kuyambira ndili ndi mano onse, koma kamvekedwe kake kanali ka chitseko chosowa girisi. Kumanzere kwanga mnzanga anaika chibakera pakamwa n'kutsokomola kawiri. Amayi onse anakhala chete. Kumbuyo kwanga mayi wina wa ku Salisbury Lines, wogulitsa kaunjika, munthu wa ana akuluakulu kale, anabwereza mawu oyamba aja mosalala, gulu lonse n'kulandira kwa iye. Ine ndinapitiriza patsogolopo, ndikugwedeza mutu, ndikukupiza dzanja kuti amayi asafulumire, mawu anga akuyenda okha m'mbali mwa nyimbo popanda wowatsatira.

Wina angafunse kuti mwini nzeru analephera bwanji kuizindikira nzeru yake. Inenso ndadzifunsa. Chifuwacho sindinkachimva, poti mnzanga ankayenda kumanzere kwanga, ndipo tsopano ndikukumbukira kuti kale ankayenda kumanja. Anasintha mbali tsiku lina akuti dzuwa likumuthobwa m'maso. Kubwereza kwa mayi wa kaunjika ndinkakumva chapatali, koma ndinkati mwanayu akuphunzira kwa ine, moti tsiku lina ndinamuyamikira pagulu kuti akutsanzira bwino, apitirize adzafika. Anathokoza kuti yewo, maso ali pansi. Munthu ukamaimba mutu umadzaza ndi mawu ako omwe, ndipo m'mutu mwangamo ndinali ndikadali mtsikana.

Ndinabwerera m'mbuyo m'mauthenga kufunafuna makanema akale. Ndinapeza asanu ndi awiri, ndipo wakale kwambiri anali wa chaka ndi theka chapitacho. M'makanema onsewo mnzanga anatsokomola. Mu oyambirira ankayamba wayang'ana uku ndi uku, nkhope ili yamanyazi. Mu omalizira sankayang'ananso kulikonse, chinali chitangosanduka ntchito yake.

Sindinalire. Ndinapsa mtima moti ndinathira madzi a m'ketulo pa mbaula, nyumba yonse phulusa lokhalokha, ine n'kuyamba kutsokomola zenizeni. Kuti mawu atha sizinandipweteke kwenikweni. Mawu ndi mnofu, amatha monga linathera dzino, ndipo ndikanawaika m'lipoti tikanaseka. Chinandiwawa n'chakuti gulu lonse linkadziwa za ine chinthu chimene ine mwini sindinkachidziwa, ndipo anawauza ndi munthu amene anaika dzanja pamtima pa kamlatho paja. Ndinkamuona m'maganizo akuyenda nyumba ndi nyumba monga anayendera kale, akutsitsa mawu, akuwatsimikizira amayi kuti asaope, asisi sangamve. Ndinakumbukiranso ana anga ndi kachipinda ka matailosi kotsekedwa zaka zonsezi, ndi mmene ndinkawayankhira pa foni monyada kuti kuno sangachite popanda ine. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

M'mawa mwake anafika pageti n'kufunsa kuti wajomba ndani. Ndinamuyankha kuti onse alipo. Anadikira nthabwala, koma sinabwere. Anafunsa ngati ndadzuka ndi mutu, ndinati mutu uli bwino kuposa kale.

Ndinamupatsa masabata awiri. Ndinkati mwina akusowa poyambira, ndiye poyambirapo ndinamupatsa ndine. Ndinapita pakhonde pake, ndinakhala pa benchi ya makasitomala, n'kuyamba nkhani ya mayi a ku Msongwe, kuti kodi akuwakumbukira. Anati akuwakumbukira, Mulungu awasunge, n'kusintha nkhani kupita ku mtengo wa ulusi. Ulendo wachiwiri ndinamuuza kuti pakhosi pakundikanda masiku ano. Anati ndi nyengo. Ulendo wachitatu ndinafunsa mosapsatira kuti mawu anga akumveka bwanji ndikamayambitsa nyimbo. Sanadzutse mutu pa makina. Anangoti, "Makora chomene, asisi," kutanthauza kuti akumveka bwino kwambiri, n'kuluma ulusi. Ndinamuyang'ana pakhosi pamene pamachokera chifuwa chija, ndipo ndikanakhala wina ndikanamugenda ndi sizasi yake yomwe.

Kenako kunagwa maliro ku Salisbury Lines. Mvula inali itagwa masiku atatu, ndipo amene amadziwa kumeneko akudziwa matope ake. Tinaima m'mizere yathu, nsapato zili m'madzi, mabulauzi oyera atayamba kale kuchita madontho. Ine ndinali nditakonza zanga. Bokosi litatuluka m'nyumba ndinakweza chibwano, ndinakoka mpweya mpaka mapewa kukwera, ndinatsegula pakamwa, koma sindinatulutse mawu ngakhale amodzi. Ndinangoyendetsa milomo, diso lili kumanzere.

Mnzanga anaika chibakera pakamwa n'kutsokomola kawiri.

Sanadikire n'komwe kuti amve ngati ndaphonya. Panalibe choti n'kuphonya, poti sindinaimbe. Anangoona kukamwa kwatseguka, chifuwa n'kubwera chokha. Mayi wa kaunjika anayamba, amayi analandira, ulendo unayambika. Pa nyimbo yachiwiri ndinachita chimodzimodzi, ndipo apa mnzanga anazindikira. Anandicheukira, maso athu anakumana, iye n'kuthawitsa ake. Kenako anatsokomolabe. Tinayenda choncho mpaka kumanda, nyimbo zisanu ndi imodzi, ine ndikutafuna mphepo patsogolo pa anthu onse, dzanja likukupiza monga mwa masiku onse. Ndiulule kuti ulendo umenewo ndi umene ndinafika kumanda osatopa chiyambireni kukalamba.

Pobwerera, tili pamzere wosamba m'manja, amayi apampando a gulu lathu anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati, "Amama, lero ndiye mwatiimbitsa chomene. Mawu anuwa sakalamba yayi." Amayi ena awiri anavomereza. Ndinati yewo.

Ndikuweramira beseni, madzi ozizira akutsika m'zala, ndinakumbukira geti lina, beseni lina, ndi kajumbo ka jinja. Ndinawaonanso maso a mayi a ku Msongwe mmene anandiyang'anira osaphethira, ndi mmene anatsindikira kuti kawiri. Mayi aja ankadziwa. Chifuwa changa chinkabwera poyamba nyimbo pokha, ndipo iwo anali ndi maso. Anadziwa, anapita kumsika, anasankha mandimu, n'kudzandiuza pamaso pa anthu onse mwa njira yoti wina aliyense asachite manyazi. Atatero anapitiriza kuyenda patsogolo chaka china chathunthu, chifukwa analibe ana owamangira kachipinda ku Lilongwe. Nthabwala inali yawo, ndipo osekedwa tinali ife amene tinakagwirana pakona. Ine ndinaimvetsa patapita zaka zoposa makumi awiri, nditawerama pa beseni la eni maliro. Kuseka kunandikwera kuchokera m'mimba. Ndinadziphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mayi wina wachifundo anayamba kundisisita pamsana akundiuza kuti ndilimbe mtima, malemu akapuma.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kumsika waukulu. Ndinasankha jinja wonenepa ndi mandimu anayi, ndipo wogulitsa atafuna kundiikira lachisanu la basera ndinakana. Pobwera ndinatsikira pageti la mnzanga. Anali pa makina, mulu wa masiketi abuluu uli pambali. Atandiona anatsegula pakamwa kuti afunse funso lake lija, koma analimeza. Ndinaika kajumbo pamwamba pa nsalu imene ankasoka.

Anakamasula, n'kusuzumiramo. Phazi linaima pa chopondera. Anawerenga mandimuwo ndi chala, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Sindikana, tinaseka. Tinaseka tonse awiri ngati tsiku lija la pakona, iye atagwira magalasi kuti asagwe, ine nditagwira msana. Ndinamuuza kuti mayi aja ankadziwa, iye n'kunena kuti naye anazindikira tsiku limene iyeyo anayamba kutsokomola. Pamenepo kuseka kwanga kunatha. Ndinamuuza kuti sindinabwerere zoseka.

"Munalumbira," ndinatero.

"Enya, ndinalumbira. Nkhatondeka, asisi. Zinandikanika."

Anati anafika pageti panga katatu mawu ali pakamwa. Ulendo uliwonse ankandipeza nditangomaliza kuyankhula ndi ana pa foni, ndikumufotokozera monyada mmene ndawakanira. Anati ankadziwa kuti chondisunga ku Mzuzu ndi nyimbo zokha, ndipo akanandiuza mwezi sukanatha ndisanamange katundu. Anayang'ana m'kajumbo muja n'kunena chapansipansi, moti ndinachita kupendeketsa mutu kuti ndimve: "Inu mukapita, ine ndiziima pageti pa ndani?"

Ndinamumvetsa, ndipo kumvetsako kunandiwawa kuposa kanema uja. Masabata awiri onse ndinkaganiza kuti anandinamiza pondimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho n'chimene ndinkakwiya nacho. Tsopano zinaoneka kuti chisonicho sichinali changa n'komwe. Anandiyendetsa patsogolo pa anthu chaka ndi theka ndikuchita zoseketsa kuti iye asatsale yekha. Ndinafuna kumuuza kuti ife mayi a ku Msongwe tinkawanamiza powaganizira iwowo, koma ndinakumbukira mmene malo awo ndinkawasirira, ndipo mawuwo ndinawabweza. Ndinangomuuza kuti kupita kapena kukhala chinali chosankha changa, ndipo iye anandisankhira ngati kuti nzeru nazo zinajomba.

Anayang'ana kumsewu. Mwana wa kasitomala akanabwera nthawi imeneyo kudzatenga siketi akanamupulumutsa, koma m'msewu munalibe ndi galu yemwe. Ndinadzuka pa benchi, ndinazungulira makina, n'kukhala pa mpando wa mbali inayo kuti khutu lamanja liyang'ane kwa iye.

"Nenani tsopano," ndinatero. "Mbali ino ndimamva."

Anati ndikudziwa kale, anenenso chiyani. Ndinamuyankha kuti foni sinalumbire pa kamlatho, analumbira ndi iye, ndipo sindichoka pakhondepo ndisanalandire zimene anandilonjeza. Anavula magalasi amene ndinamusankhira aja, anawapukuta ndi kansalu kabuluu, n'kuwaika pa makina. Ndikuganiza kuti sanafune kundiona bwino. Anaweramira kukhutu langa.

"Asisi, mawu anu atha. Musamayambitsenso nyimbo."

Ndinawamva onse, limodzi ndi limodzi. Sanatenge nthawi yoposa imene munthu amatenga potsokomola kawiri. Ndinati yewo chomene. Ndinadzuka, mawondo akupereka madandaulo awo a masiku onse, n'kumuuza kuti jinjayo asinje, awiritse ndi mandimuwo, azimwa kawiri pa tsiku.

Ndili pageti anandiitana kuchokera pakhonde. Anafunsa ngati tsopano ndipita ku Lilongwe. Ndinamva ndithu, ndipo yankho lake ngakhale ineyo ndinalibe. Koma ndinamutembenuzira khutu lamanzere n'kupitiriza kuyenda, ndipo limenelo linali tsiku loyamba khutu lija kundigwirira ntchito kuchokera pamene linachoka osanditsanzika.